Khoti limapereka makolo, koma ubale ana amamanga okha

Mu Okutobala 2006 maso a dziko lonse adali pa Malawi pamene khoti lalikulu ku Lilongwe lidalola woimba wa ku America, Madonna, kutenga mwana wamwamuna wa chaka chimodzi kumalo osungirako ana a Home of Hope ku Mchinji. Mu Epulo 2009 nkhani idabukanso pomwe khoti lomwelo lidakana pempho lake lotenga mwana wachiwiri, ati chifukwa woimbayo sadali wokhala m'dziko muno monga lamulo limafunira, koma pofika Juni khoti la apilo lidasintha chigamulocho. Mu 2017 adadzatenganso mapasa aakazi. Maulendo onsewa mtsutso wathu unkazungulira pa malamulo, pa ndalama ndi pa ulemu wa dziko, ndipo unkathera pabwalo la ndege. Ndege ikangonyamuka, aliyense ankabwerera ku zake. Komatu kwa mwana wotengedwa kupita kunja, kaya wamutenga ndi munthu wotchuka kaya ndi banja wamba la ku Ohio kapena ku Utrecht, pamenepo m'pamene zenizeni zimayambira, makamaka ngati m'nyumba imene akukalowamo muli kale ana ena.

Mfundo yanga ndi yakuti khoti lingathe kupatsa mwana makolo atsopano tsiku limodzi, koma silingamupatse achimwene ndi achemwali. Chikalata cha jaji chimamanga akuluakulu amene adapempha, adasaina ndi kudikira. Ana amene ali kale m'nyumbamo sadapemphe kanthu, ndipo wobwerayo sadasankhe ulendowo. Koma anthu aang'ono amenewa, amene palibe adawafunsa, ndi amene adzagone chipinda chimodzi, kulimbirana zidole ndi miyendo ya amayi, ndi kudzatsala limodzi makolo atatsikira kulichete. N'chifukwa chake masabata oyambirira ayenera kuonedwa monga nyengo yolemetsa imene mwana aliyense wa m'nyumbamo akutayapo kanthu kena. Banja limene lavomereza zimenezi, m'malo moyembekezera phwando losatha, ndilo limayamba bwino.

Si nkhani ya ana owerengeka. Chithereni nkhondo ya ku Korea mu 1953, dziko la South Korea latumiza ana pafupifupi 200,000 kukaleredwa ku America ndi ku Ulaya. Mu 2004 mokha mabanja a ku America adatenga ana pafupifupi 23,000 ochokera kunja, ambiri a iwo ku China, Russia ndi Guatemala, ndipo zaka zotsatira Ethiopia idakhala dziko lotumiza ana ochuluka kuposa ena onse mu Africa. Chiwerengerocho chatsika kwambiri, moti pofika 2022 ana olowa mu America mwa njira imeneyi sankakwananso 2,000 pachaka. Koma zaka zonsezo zasiya umboni wochuluka, wa madokotala, wa ochita kafukufuku ndi wa anawo atakula, umene umatithandiza kuona zimene zimachitika chitseko chikatsekedwa.

Tiyambe ndi mwana wobwerayo. Tsiku limene makolo atsopano akujambula zithunzi ndi kugwetsa misozi yachimwemwe ndi tsiku lomwelo limene iye wataya amayi amene ankamusambitsa, anzake ogona nawo, phala limene adazolowera, dzuwa lakwawo ndiponso chilankhulo. Pa chilankhulo umboni ndi womvetsa chisoni. Mu 2003 Christophe Pallier ndi anzake ku France adayesa akuluakulu amene adachoka ku Korea ali ndi zaka zapakati pa 3 ndi 8, ndipo adapeza kuti sankathanso kuzindikira Chikoreya chikasakanizidwa ndi zilankhulo zina zachilendo. Kafukufuku wina wa ku Montreal mu 2014 adaonetsa kuti ubongo wa ana obadwira ku China koma okulira m'mabanja olankhula Chifalansa umagwidwabe ndi kamvekedwe ka Chitchaina, ngakhale eniakewo sakumbukira liwu n'limodzi lomwe. Chilankhulo chakale chimathawa msanga, chatsopano chisanakhazikike, ndipo pakati apa pamadutsa miyezi imene mwana alibe mawu okwanira onenera kuti akuopa, m'mimba mukumupweteka kapena wapukwa munthu wina. Mwana wosowa mawu amalankhula ndi thupi. Amaluma, amamenya, amakodza pogona, amadzigwetsa pansi, ndipo kawirikawiri amene amalandira makofiwo ndi mwana mnzake amene ali naye pafupi.

Kuwonjezera apo, ambiri mwa anawa amachokera kumalo osungirako ana, ndipo moyo wakumeneko umasiya zizolowezi zake. Ulamuliro wa Nicolae Ceaușescu utagwa ku Romania mu Disembala 1989, anthu adaona ana zikwizikwi akuvutika m'nyumba za boma. Michael Rutter ndi anzake adatsatira ana 165 amene adatengedwa kumeneko kupita ku Britain, kuyambira ali aang'ono mpaka atakula. Zotsatira zimene zidatuluka mu 2017 zidasonyeza kuti amene adakhala m'nyumbazo miyezi yosakwana 6 adakula mofanana ndi ana ena otengedwa mu Britain momwemo, pamene ambiri mwa amene adapitirira miyezi 6 adali ndi mavuto okhalitsa, monga kulephera kukhazika maganizo pa chinthu chimodzi ndi kuzolowerana ndi munthu aliyense mosasankha. Ngakhale zidali choncho, mmodzi mwa asanu alionse a gulu limeneli adakula popanda vuto looneka. Nkhanza za ku Romania zidali zonyanya, ndipo si malo onse osungirako ana amene ali otero. Komabe kulikonse kumene olera amasinthana mashifiti ndipo ana ndi ochuluka kuposa manja, mwana amaphunzira kuti akuluakulu amabwera n'kupita, kuti chakudya chimatha, ndi kuti chidole ndi cha amene wagwiritsa. Kumeneko zimenezi zidali nzeru zopulumukira, ndipo sangazisiye chabe chifukwa chakuti wakwera ndege.

Tiyeni tione pafupi mmene zimakhalira patebulo sabata yoyamba. Mtsikana wa zaka 6 wobadwira m'nyumbamo wakula akuuzidwa kuti chakudya sachoka nacho patebulo, ndi kuti nyali ikazima aliyense amagona pabedi pake. Pambali pake pakhala mnyamata wa zaka zinayi amene wangofika. Akudya mwaphuma, dzanja lina litatchinga mbale, maso ali pambale ya mnzake. Akatha amatola buledi n'kubisa m'malaya, ndipo m'mawa amayi amapeza nyenyeswa kunsi kwa pilo, koma samukalipira. Usiku akalira, amayi amayala pansi pafupi ndi bedi lake mpaka kucha. Makolowo akuchita zoyenera, pakuti mwana amasiya kubisa chakudya akatsimikiza kuti mawa chidzakhalaponso, osati akaopsezedwa. Koma mtsikana uja akuona malamulo awiri m'nyumba imodzi, ndipo lokhwima ndi lake. Achibale akabwera ndi mphatso amathamangira kwa watsopanoyo, iye n'kumusisita pamutu chodutsa, amvekere: "Uli ndi mwayi iwe, tsopano ndiwe wamkulu."

Kuti mwana amasokonezeka kukabwera mnzake si zachilendo kwa ife. Mayi aliyense amadziwa kuti kukabadwa womuponda pamutu, mwana amene adali atasiya kale matewera amatha kuyambiranso kudzikodzera ndi kulirira kumbuyo. Judy Dunn ndi Carol Kendrick adatsatira mabanja 40 ku Cambridge ndipo mu 1982 adafotokoza zomwezi, kuti ana oyamba ambiri amayamba kuvuta ndi kukakamira amayi khanda likafika. Koma khanda limabwera pang'onopang'ono, mimba ikuoneka miyezi ingapo, ndipo likabadwa limangogona ndi kuyamwa. Mwana wa zaka zinayi wochokera kunja amafika akuyenda ndi miyendo yake. Tsiku loyamba lomwelo watsegula kabati, wang'amba buku, wakhala pampando wa mwini. Nthawi zambiri kubwera kwake kumatsatira masabata amene makolo adali kunja kukamaliza za kukhoti, mwana wa pakhomo atasiyidwa kwa agogo. Chopweteka kwambiri n'chakuti mwana wa pakhomoyo amauzidwa mobwerezabwereza kuti mnzakeyo wavutika, kotero iye amachita manyazi kudandaula. Amene amakalipa ndi kumenyetsa zitseko amaonekera msanga. Wofunika kumuyang'anitsitsa ndi uja wangokhala phee, wothandiza, wosavuta, amene waganiza kuti njira yosungira chikondi cha makolo ndiyo kusapempha kanthu.

Msinkhu wa anawo nawonso uli ndi gawo lalikulu. Kale mu 1966 Roy Parker adapeza ku Britain kuti kulera mwana wa ena kunkalephereka kawirikawiri m'mabanja amene adali ndi mwana wawo wamng'ono kapena wofanana msinkhu ndi wobwerayo. N'chifukwa chake mabungwe ambiri oona za ana kumeneko amalangiza kuti wobwera akhale wamng'ono pa onse, ndipo pakhale mpata wa zaka ziwiri kapena kuposerapo. Owerenga athu savutika kumvetsa chifukwa chake, pakuti amadziwa kulemera kwa ukulu pakhomo. Mwana wachisamba amene wadzuka tsiku lina n'kupeza kuti pali wina wamkulu kuposa iye walandidwa malo amene ankadzidziwira nawo. Ana awiri ofanana zaka akalowa kalasi imodzi amayerekezedwa tsiku ndi tsiku, wina akuwerenga bwinobwino, wina akuvutika ndi moni weniweniyo, ndipo onse awiri amatuluka ovulala, uyu ndi manyazi, uyo ndi mtolo wokhala chitsanzo.

Alangizi ambiri amauza makolo kuti masabata oyambirira achepetse alendo ndi maulendo, ndipo kudyetsa, kusambitsa ndi kutonthoza mwana watsopanoyo kukhale kwa mayi ndi bambo okha, kuti mwana amene adazolowera kukwera pamiyendo ya aliyense adziwe amene ali ake. Langizoli ndi labwino, koma limakwanira pokhapokha ana enawo akaganiziridwa. Iwo ayenera kuuzidwa mnzawoyo asanafike, m'mawu osavuta, kuti mwina sadzafuna kusewera nawo, mwina adzawalanda zinthu, ndi kuti malamulo ena adzayamba amufewera chifukwa sanaphunzire zimene iwo adaphunzira kalekale. Ayenera kukhala ndi zinthu zingapo zimene sakakamizidwa kugawana. Sukulu, mpira ndi kucheza ndi anzawo zipitirire monga kale, ndipo aliyense apeze kanthawi kake yekha ndi kholo tsiku lililonse, ngakhale mphindi zochepa. Wamkulu asasandutsidwe mlezi. Ana asasiyidwe okha nthawi yaitali makolo asanamudziwe bwino wobwerayo, popeza ena adachitiridwa nkhanza zimene palibe adazilemba m'mafayilo. Ndipo tsiku limene mwana wa pakhomo adzanene kuti, "Ameneyu abwerere kwawo," yankho lisakhale kumukalipira. Kholo lanzeru limamuyankha kuti, "Ndamva, mwanawe, zakulemera. Koma mng'ono wakoyu sapita kulikonse, ndipo iwenso malo ako palibe angakulande." Makolonso asadzinamize kuti ndi achitsulo. Karen Foli wa ku Purdue University wasonyeza kuti matenda a nkhawa ndi kukhumudwa amagwira amayi ndi abambo ena akangotenga mwana, ndipo kholo lofooka chonchi ndi limene limatulira mtolo wake pa mwana wamkulu mosazindikira.

Wina anganene kuti zonsezi n'kukulitsa nkhani, pakuti mwanayo wachoka pa umphawi n'kulowa m'nyumba ya mwanaalirenji, ndipo choyenera n'kuthokoza basi. Mbali ina ya mawuwa ndi yoona. Kafukufuku wa ana 136 amene Charles Nelson, Nathan Fox ndi Charles Zeanah adachita ku Bucharest adatsimikiza kuti ana ochotsedwa m'nyumba za boma n'kupatsidwa mabanja amakula bwino m'nzeru ndi m'maganizo kuposa otsalira, makamaka akachotsedwa asanakwane zaka ziwiri. Femmie Juffer ndi Marinus van IJzendoorn a ku Leiden, atasonkhanitsa kafukufuku wambiri mu 2005, adapeza kuti ana ambiri otengedwa kuchokera kunja amakula bwino ndithu. Koma phindu silifafaniza chimene chatayika. Munthu angathe kupeza bedi lofunda n'kumalirabe amayi amene ankamubereka kumbuyo. Ndipo chiphunzitso cha kuthokoza chimawononga ubale kuyambira pachiyambi, chifukwa chimauza mwana wa pakhomo kuti iye ndi mwini nyumba amene wachita chifundo, n'kuuza wobwerayo kuti ali ndi ngongole. Ana awiri sangakhale pachibale ngati wina amakumbutsidwa nthawi zonse kuti adangothandizidwa.

Wina wakwathu kuno angafunse kuti chovuta n'chiyani, popeza ife takhala tikulera ana a abale kuyambira kalekale, ndipo m'zaka zimene Edzi inkakolola anthu, agogo, amalume ndi azakhali adalera ana amasiye osawerengeka popanda mlangizi kapena buku. Zoonadi, ndipo chimenechi ndi chuma chathu chosafunika kuchipeputsa. Koma taonani zimene mwana wotero amasunga. Amalankhulabe chilankhulo chake, amadya nsima yomweyo, amadziwa mfunda wake ndi kumene kuli manda a makolo ake, ndipo ana amene wawapeza adali kale achimwene ake kapena asuweni ake. Wopita kunja zonsezi zimaduka tsiku limodzi. Komanso tisadzinamize: tonse tikudziwa makomo amene mwana wamasiye amadya pomaliza, amatunga madzi anzake ali kusukulu, ndipo akakangana ndi ana a pakhomo amauzidwa kuti kwawo si kuno. Mawu oterowo anawo sawapeka okha, amawatola kwa akuluakulu. Ngati ubale wa ana umafuna kusamalidwa ngakhale pamene pali magazi amodzi, kuli bwanji pamene palibe chilankhulo, khungu kapena mbiri yofanana? Phunziroli likukhudzanso abale athu okhala ku Britain kapena ku South Africa amene amaitanitsa mwana wa malemu kuti akakulire limodzi ndi ana awo obadwira kumeneko.

Palinso amene amati mwana wobwerayo ndiye wovulala kwambiri, choncho mphamvu zonse zipite kwa iye, enawo apirire. Maganizo amenewa amaiwala kuti wobwerayo amawafuna anzakewo kuposa mmene makolo amaganizira. Chilankhulo chatsopano amachitola msanga pamasewera, ndipo poona mnzake akukhuta n'kusiya chakudya m'mbale, kapena akulakwa n'kukhululukidwa, amaphunzira kuti nyumba ino njodalirika. Kusukulu, kumene makolo kulibe, funso lakuti "Kodi ameneyu ndi mng'ono wako weniweni?" limagwera mwana wa pakhomo, makamaka ngati makungu akusiyana, ndipo yankho lake limatengera zimene zili mumtima mwake. Mwana wosungira chakukhosi sangateteze mnzake. Julie Selwyn ndi anzake ku Bristol adapeza mu 2014 kuti mwa ana otengedwa mu England momwemo, pafupifupi atatu pa 100 alionse ndi amene ubale wawo ndi banja latsopano udasweka, koma mabanja ena ambiri ankalimbana ndi ziwawa za m'nyumba, kuphatikizapo za pakati pa ana okhaokha. Zinthu zikafika poipa zimachititsa manyazi dziko lonse, monga mu Epulo 2010 pamene mayi wina wa ku Tennessee adakweza ndege mnyamata wa zaka 7 yekhayekha kumubweza ku Moscow. Kusamalira mwana wa pakhomo ndi njira imodzi yotetezera wobwerayo.

Pali abale enanso amene sitiyenera kuwaiwala, omwe adatsala kumudzi. Bungwe la Save the Children lidanena mu 2009 kuti ana anayi mwa asanu alionse okhala m'malo osungirako ana ali ndi kholo limodzi kapena onse awiri amoyo. Ambiri ali ndi akulu awo, alongo awo ndi agogo. Akuluakulu adati chibale ndi fupa, sichiola, ndipo ana a ku Korea amene akhala akubwerera kwawo atakula kukafunafuna abale awo atsimikiza mawuwa. Mu Malichi 2025 komiti ya boma la South Korea yofufuza zoona idavomereza kuti mapepala a ana ena adali achinyengo, moti ena adalembedwa kuti ndi amasiye makolo awo ali moyo. Banja lanzeru limasunga dzina limene mwana adabwera nalo, zithunzi, nyimbo ndi njira yolumikizirana ndi kwawo ngati ilipo, ndipo limauza ana a pakhomo poyera kuti mng'ono wawoyu ali ndi abale enanso kutali. Mwana amene waloledwa kukumbukira akulu ake akale savutika kulandira atsopano, chifukwa sakuona ngati akupereka ena kuti apeze ena.

Nanga ngati zili zolemera chonchi, bwanji osangoletseratu? Maiko angapo atero. Kenya idaimitsa mu 2014, Ethiopia idaletsa mu 2018, ndipo mu 2024 China idatseka khomo pamene Netherlands idalengeza kuti ikusiya kulandira ana ochokera kunja. Pangano la United Nations la ufulu wa ana la 1989, pangano la maiko a mu Africa la ufulu ndi chisamaliro cha ana la 1990, ndi pangano la ku Hague la 1993 onse amagwirizana kuti mwana ayambe wafuniridwa banja m'dziko lake, ndipo kupita kunja kukhale njira yomaliza. Ine ndikugwirizana nazo ndi mtima wonse, ndipo ndalama zambiri zimene zimathera pa ulendo wa mwana mmodzi zingathe kusunga mabanja angapo kuti asapasuke. Koma alipo ana amene njira yomalizayo imawafikadi, monga ena olumala kapena odwala amene palibe wawatenga, ndipo aliponso zikwi zambiri amene adapita kale. Kwa amenewa, a zachisamaliro cha anthu ndi makhoti a maiko otumiza ana ali ndi udindo wofunsa zambiri kuposa malipiro a makolo ndi kukula kwa nyumba. Afunse kuti m'nyumbamo muli ana angati ndipo a misinkhu yanji, adauzidwa chiyani, iwo adati chiyani, ndani adzathandize banjalo zinthu zikadzathina, ndipo malipoti otsatira adzamva mawu a ana onse kapena a makolo okha. Banja limene silingayankhe mafunso amenewa silinakonzeke, ngakhale litakhala ndi mtima wabwino chotani, ndipo ndi bwino liyambe ladikira kusiyana n'kuti kusakonzeka kwa akuluakulu kudzalipiridwe ndi ana.